Ana anga akufuna kukapempha maswiti pa Halloween: kodi ndiwalole?

Mayi wina wa ku Leicester walemba kuti: "Tinasamukira kuno ku England kuchokera ku Zomba chaka chatha, ndipo ndili ndi ana atatu. Chisamba ndi mnyamata wa zaka 12, wachiwiri ndi mtsikana wa zaka 7, ndipo mzime ali ndi zaka 3. Kusukulu anzawo akungokamba za Halloween, moti mtsikanayo wandikakamira kuti ndimugulire diresi lakuda la mfiti ndi chigoba chakumaso kuti akayende nawo m'makomo kukapempha maswiti. Mnyamatayo akuti apita ndi anzake popanda ine. Mtima wanga uli m'mwamba, chifukwa ndamva kuti anthu ena amathira poizoni kapena kubisa malezala m'maswiti, ndiponso ndikuopa kuti wina angandibere mwana mumdima. Mtsikanayo amatupa akadya mtedza. Kodi ndiwalole, kapena ndingowatsekera m'nyumba?"

Mayi, zikomo polemba, ndipo khazikani mtima pansi. Ine ndine namwino wa ana, ndipo kwa zaka zambiri ndakhala ndikugwira ntchito m'chigawo cha chipatala cholandira ana ovulala ndi odwala mwadzidzidzi kuno ku England, kuphatikizapo usiku wa pa 31 Okutobala. Ana ochuluka zedi amatuluka usiku umenewu chaka ndi chaka n'kubwerera kwawo ali bwinobwino, atangotopa basi. Choncho yankho langa ndi lakuti mukhoza kuwalola, malinga ngati inuyo mutsagana ndi aang'ono awiriwo. Koma ndikufuna kuti mantha anuwo muwalozetse koyenera, pakuti poizoni ndi akuba ana si zimene zimatibweretsera ana kuchipatala usiku umenewu. Zimene zimavulaza ana ndi galimoto mumdima, moto wa kandulo pachovala ndi tinthu ting'onoting'ono totsamwitsa, ndipo kwa mtsikana wanuyo tiwonjezerepo mtedza.

Poti ndinu achilendo, ndiyambe ndi mmene mwambowu umayendera. Tsikuli limatsogolera chikondwerero cha Oyera Onse cha pa 1 Novembala, ndipo chizolowezi chovala zodzibisa n'kumayenda khomo ndi khomo chinalipo kalekale ku Scotland ndi ku Ireland, chinakakulira ku America, kenako chinabwerera kuno ndi mawu oti "trick or treat" amene ana amanena akawatsegulira chitseko. Anthu ambiri amatsatira lamulo losalembedwa lakuti ana amagogoda pa nyumba yokhayo imene eni ake aika dzungu losemedwa pakhomo kapena akongoletsa pawindo. Nyumba imene yazimitsa magetsi apanja muipitirire. Apolisi m'madera ambiri amagawa timapepala tomata pachitseko topempha kuti ana asagogode, ndipo kawirikawiri amene amatimata ndi okalamba okhala okha kapena odwala, amene kugogoda kwa usiku kumawachititsa mantha. Ana aang'ono amayenda kukangoda, ndipo ikamakwana 8 koloko anthu ambiri amakhala atalowetsa maungu awo m'nyumba.

Nkhani ya poizoni ndi malezala yakhala ikuzungulira kwa zaka zoposa 50, ndipo masiku ano imathamanga kwambiri pa WhatsApp. Katswiri wina wa za chikhalidwe cha anthu ku America, Joel Best, anaunika malipoti a m'nyuzipepala a zaka makumi angapo, ndipo sanapeze umboni woti mwana anaphedwa kapena kuvulazidwa kwambiri ndi switi yolandira kwa munthu wachilendo pakhomo. Mlandu umene unakulitsa manthawa unachitika ku Texas mu 1974, pamene mnyamata wa zaka 8 anamwalira atadya switi yothiridwa poizoni wa cyanide, koma khoti linapeza kuti anathira poizoniyo ndi bambo ake omubereka, Ronald O'Bryan, pofuna ndalama za inshuwalansi. Komabe m'thumbamo muyang'anemo ndithu. Akafika kunyumba khuthulirani zonse patebulo powala, ndipo mutaye chilichonse chong'ambika pepala, chosakulungidwa kapena chophikidwa ndi munthu amene simukumudziwa. Chenjeraninso ndi maswiti osakaniza ndi chamba, amene apolisi kuno akhala akuchenjeza kuti amaikidwa m'mapaketi ofanana kwambiri ndi a maswiti odziwika. Si kawirikawiri kuti munthu agawire ana zimenezi pakhomo, koma mukaona zilembo za THC kapena chithunzi cha tsamba la chamba papaketi, mwana asalawe n'komwe. Za akuba ana, chitetezo chake ndi inuyo kuima pageti mukuona mwana akugogoda, ndiponso lamulo limodzi loti anawo aliloweze: salowa m'nyumba ya munthu aliyense kapena m'galimoto, ngakhale atawauza kuti maswiti ali m'kati.

Tsopano tifike pa msewu, pamene pali ngozi yeniyeni. Ofufuza a ku University of British Columbia anaunika imfa za pamsewu za ku America za zaka 42, kuyambira 1975 mpaka 2016, ndipo zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya madokotala ya JAMA Pediatrics. Anapeza kuti madzulo a Halloween chiopsezo choti woyenda pansi aphedwe ndi galimoto chinali chokwera ndi 43 peresenti poyerekeza ndi madzulo a sabata imodzi m'mbuyo ndi sabata imodzi m'tsogolo, ndipo kwa ana a zaka 4 mpaka 8 chinali chowirikiza ka 10. Ziwerengerozi ndi za ku America, koma zifukwa zake n'zomwezo zimene zili m'misewu ya ku Leicester. Kuno wotchi imabwezedwa ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la Okutobala, choncho pa 31 dzuwa limalowa isanakwane 5 koloko, nthawi yomweyo imene anthu akuthamangira kunyumba kuchokera kuntchito. Ana amakhala atavala zakuda, mitima ili pa nyumba yowala imene aiona kutsidya la msewu, ndipo amatulukira pakati pa magalimoto oimikidwa m'mbali. Mukatuluka masana, njutani kumbuyo kwa galimoto yoimikidwa mpaka maso anu afanane ndi a mwana wa zaka 7, ndipo mudzaona kuti msewu suoneka konse, ndipo dalaivala nayenso sangamuone mwanayo. Buku la malamulo a pamsewu la Highway Code limati galimoto yothamanga mamailosi 20 pa ola imafuna mamita 12 kuti iime, yothamanga 30 imafuna mamita 23, ndipo pamsewu ponyowa mtunda umenewu umawirikiza kawiri kapena kuposa. Kumapeto kwa Okutobala kuno mvula ndi masamba oterera sizisowa. Onjezaninso kuti magalimoto oyendera magetsi samveka kwenikweni akamayenda pang'onopang'ono, choncho khutu lokha silokwanira.

Chimene ndimalangiza makolo n'chakuti amalize mbali imodzi ya msewu kaye, akawolokere pa malo owolokera kapena powala bwino, kenako abwerere mbali inayo, m'malo momangodumphadumpha msewu potsata maungu. Mzimeyo mumugwire dzanja nthawi zonse, inuyo mukhale mbali ya kumsewu, ndipo musamale pa zipata zotulukira magalimoto, chifukwa dalaivala wobwerera cham'mbuyo saona mwana wamfupi. Gulani tepi yonyezimira ikawalidwa ndi magetsi a galimoto ndipo mumate pachovala kutsogolo ndi kumbuyo, pathumba la maswiti ndi pansapato. Highway Code yomweyo imati nsalu yonyezimira imaonekera patali mpaka kuwirikiza katatu kuposa nsalu wamba. Mwana aliyense anyamule tochi, ndipo foni yanu ikhale m'thumba powoloka.

Chigoba chakumasocho ndikupempheni kuti musagule. Timabowo ta maso timachotsa kuona kwa m'mbali, kumene mwana amadalira kuti azindikire galimoto ikubwera, ndipo chigobacho chikatsetsereka pang'ono pothamanga mwana saonanso pansi. Utoto wopaka kumaso ndi wabwinoko, bola ukhale wopangidwira khungu ndipo muuyese kaye pamkono kutatsala tsiku limodzi kapena awiri. Khungu lathu lakuda likayabwa ndi kutupa limasiya zipsera zoderapo zimene zimatenga miyezi kuti zizilale, choncho kuyesako n'kofunika. Diresi lisafike pansi. Mumuveke kunyumba, akwere ndi kutsika masitepe mukuona, ndipo akaliponda ngakhale kamodzi mulipinde. Nsapato zikhale zake za masiku onse. Timagalasi ta mitundu toika m'maso tija timagulitsidwa pa intaneti musalole ngakhale kwa mnyamatayo, pakuti tingakande diso ndi kuyambitsa matenda owononga kuona.

Nkhani ya moto ndiyo imandiwawa kwambiri, chifukwa bala lake mwana amakhala nalo moyo wonse. Mu 2014, mwana wamkazi wa Claudia Winkleman, muulutsi wodziwika wa pa BBC, anapsa kwambiri miyendo ku London pamene chovala chake cha mfiti chinakhudza kandulo akupempha maswiti. Anali ndi zaka 8. Zitatero anthu ambiri anadabwa kumva kuti malamulo amawerengera zovala zimenezi m'gulu la zoseweretsa, ndipo muyezo wake wa EN71-2 umalola moto kuyenda mpaka mamilimita 30 pa sekondi imodzi, kutanthauza kuti m'masekondi 10 moto wadya kale masentimita 30 a nsalu. Pambuyo pake bungwe la eni masitolo la British Retail Consortium linakhazikitsa muyezo wokhwimirapo wa mamilimita 10 pa sekondi, koma sitolo imautsatira mwa kufuna kwake. Pogula yang'anani chizindikiro cha CE kapena UKCA, ndipo ngati n'kotheka sankhani chovala cholembedwa kuti "This garment has undergone additional safety testing for flammability". Zotchipa za pa intaneti zopanda chizindikiro chilichonse muzisiye. Nsalu zambiri za zovalazi ndi za nayiloni ndi poliyesita, zimene zikagwira moto zimasungunuka n'kumatirira pakhungu zikuotchabe, ndipo neti wopyapyala wa masiketi otukumuka, mapiko ndi mikanjo yolendewera ndi zimene zimayamba kukhudza kandulo imene ili pansi pakhomo, m'kati mwa dzungu. Mkati muzimuveka zovala wamba za thonje, monga buluku ndi malaya a manja aatali, kuti pakhale chotchinga pakati pa chovalacho ndi khungu. Zidzamutetezanso ku chisanu.

Pali chinthu china chimene chimatikhudza ife makamaka. Timakonda kudzoza ana Vaseline ndi mafuta ena ochuluka, makamaka nyengo yozizira khungu likamatuwa, ndipo atsikana athu ambiri amalukidwa ndi tsitsi loonjezera la pulasitiki. Bungwe loyang'anira mankhwala kuno, MHRA, lakhala likuchenjeza kuti mafuta odzola akalowerera m'nsalu n'kuuma, nsaluyo imagwira moto msanga ndipo imayaka mwamphamvu. Sindikuti musiye kumudzoza, makamaka ngati ali ndi vuto la khungu, koma dziwani kuti mwana wodzola, wovala nayiloni, wa tsitsi lalitali loluka kapena wigi, sayenera kuwerama pafupi ndi lawi. Tsitsi mulimange kumbuyo. Ngati inuyo muika dzungu pakhomo panu, muikemo nyali ya batire, ndipo posema mpeni ugwire ndi munthu wamkulu.

Aphunzitseni lero lomwe, pamkeka kapena pakapeti, chochita chovala chikagwira moto: kuima pomwepo osathamanga, kugwa pansi, kuphimba nkhope ndi manja, n'kugubuduka uku ndi uku. Inu mumuphimbe ndi jekete lochindikala kapena bulangeti. Moto ukazima, thirani madzi ozizira a pampopi pabalapo kwa mphindi 20 zathunthu, mukufunditsa thupi lonselo kuti mwana asazizidwe. Chotsani zovala ndi zibangili zapafupi ndi bala, koma nsalu imene yamatirira musaikoke. Kenako yalani pabalapo pulasitiki yopyapyala yokulungira chakudya ija, osamanga mothina. Ndaonapo ana akufika atapakidwa mankhwala otsukira mano, dzira laliwisi kapena mafuta ophikira, makolo atachita zimenezo mwachikondi monga anaphunzirira kumudzi, koma zimenezi zingalowetse tizilombo m'bala, ndipo pozichotsa mwana amamva ululu kawiri. Ayezi nayenso amawononga khungu.

Pa za mtedza, kalata yanu sinanene ngati mtsikanayo anapimidwa kapena ngati ali ndi jakisoni wa adrenaline uja makolo amayenda naye. Ngati sanapimidwe, pitani kwa dokotala wanu wa kukiliniki ya m'dera lanu (GP) tsikuli lisanafike, mukamufotokozere mmene anatupira ndipo mupemphe kuti akuuzeni chochita zikachitikanso. Chokoleti zambiri zimene anthu amagawa zimakhala ndi mtedza kapena zimapangidwira m'fakitale imodzi ndi za mtedza. Lamulo kuno limafuna kuti zakudya 14 zimene zimayambitsa ziwengo zilembedwe mooneka papaketi, ndipo mtedza wathu umalembedwa kuti "peanuts", koma tinthu ting'onoting'ono togawa pakhomo kawirikawiri timachokera m'thumba lalikulu limene latsala m'nyumba ya mwini wake, ndipo patokha sitikhala ndi mndandanda wonse. Choncho lamulo likhale loti panjira sadya kanthu. Mudyetseni chakudya chamadzulo musanatuluke, munyamule maswiti amene mukudziwa kuti samuvuta oti azilawa panjira, ndipo kunyumba musinthanitse zokayikitsa zonse ndi zimene mwamugulira. Mukaona dzungu la mtundu wobiriwira mopita kubuluu pakhomo, ndi chizindikiro chimene chinafala kuchokera ku America kuyambira 2014, chosonyeza kuti pamenepo akugawanso zinthu zosadya monga zomata ndi mapensulo. Kumbukirani kuti pakhungu lakuda ziwengo sizifiira monga zimaonekera m'zithunzi za m'mabuku. Yang'anani timatotupa pakhungu, kutupa kwa milomo, zikope ndi lilime, kusintha kwa mawu, chifuwa chosalekeza, kupuma molira, ndi kufooka kapena kutuwa mwadzidzidzi. Kupuma kukavuta kapena mwana akalefuka, bayani jakisoniyo pantchafu chakunja nthawi yomweyo, ngakhale pamwamba pa chovala, imbani 999, nambala yoitanira ambulansi pangozi, n'kunena kuti "anaphylaxis", ndipo mumugoneke miyendo ili m'mwamba, kapena akhale tsonga ngati akubanika. Asaimirire kapena kuyenda. Pakatha mphindi 5 osasintha, bayani wachiwiri, n'chifukwa chake timati muzinyamula awiri.

Mzimeyo vuto lake ndi kutsamwa. Mwana wosakwana zaka 5 asapatsidwe maswiti olimba obulungira, chingamu, mtedza wathunthu, mbuliwuli za chimanga kapena maswiti ofewa omata, ndipo asadye akuyenda kapena akuseka. Mwana wotsamwa kwenikweni sachita phokoso, amangotong'ola maso osatha kulira kapena kutsokomola. Zikatero muweramitseni, mumumenye ndi chikhatho pakati pa mapewa mpaka kasanu, ndipo zikakanika muime kumbuyo kwake n'kukankha m'mimba pamwamba pa mchombo, cham'kati ndi cham'mwamba, mpaka kasanu, wina akuimba 999. Musapise chala kukhosi pofunafuna chinthu chimene simukuchiona. Samalaninso ndi timabatire tobulungira tonga ndalama yachitsulo timene timakhala m'zoseweretsa zowala, ndodo zowala ndi nyali za m'maungu. Kakakanirira kummero kangathe kuotcha ndi kuboola m'maola awiri okha, mwana akuoneka ngati ali bwino. Onetsetsani kuti potsekera batire ndi pomanga ndi sikuluwu, ndipo mukangokayika kuti wameza, thamangani naye ku chigawo cha chipatala cholandira ovulala ndi odwala mwadzidzidzi chotchedwa A&E osamusanzitsa.

Za mnyamatayo, palibe lamulo kuno lotchula zaka zimene mwana angayambe kuyenda yekha, choncho chigamulo n'chanu, ndipo inu ndi amene mukudziwa kukhwima kwa nzeru zake. Maganizo anga ndi akuti, poti ndi chaka chake choyamba ndipo dera sanalizolowere kwenikweni, mumulole pokhapokha ngati anzakewo mukuwadziwa ndipo mwalankhulana ndi kholo la mmodzi wa iwo. Mugwirizane misewu imene ayende, nthawi yobwerera, ndi kuti gulu lisagawikane, ndipo foni yake ikhale yodzaza moto. Asadutsire m'mapaki, m'tinjira tamdima kapena m'mphepete mwa ngalande. Mukhale naye pansi mumuuze mosabisa kuti ku England mwana wa zaka 10 akhoza kuimbidwa mlandu, ndipo kugenda nyumba kapena galimoto ndi mazira, kumene anyamata ena amakuona ngati masewera a tsikuli, kungamufikitse kupolisi. Masitolo ena amakana kugulitsa mazira ndi ufa kwa achinyamata sabata imeneyi pa chifukwa chomwecho. Makombola okondwerera amakhala ali pamsika chifukwa cha mwambo wa pa 5 Novembala wotchedwa Bonfire Night, pamene anthu amasonkha moto ndi kuphulitsa makombola, koma n'kulakwira lamulo kuti wosakwana zaka 18 ayende nawo pagulu. Ndipo ndinene monga kholo linzanu lakuda: asanyamule mfuti kapena mpeni wachidole wooneka ngati weniweni, chifukwa mumdima munthu woona pawindo sadziwa kuti ndi pulasitiki ndipo amaimbira apolisi. Ngati zonsezi sizikukukhutiritsani, ayende patsogolo ndi anzake inu mukutsatira chapatali ndi aang'onowo, ndipo chaka chamawa mudzaonanso.

Ndikudziwa kuti kwa ambiri a ife kuveka mwana ngati mfiti si nkhani yoseka, ndipo mwina n'chimene chikukuvutitsaninso mumtima ngakhale simunachitchule. Palibe amene angakukakamizeni. Ana ambiri amavala ngati nyama, dokotala kapena wozimitsa moto, ndipo chovala chowala n'chabwinonso pamsewu kuposa chakuda. Mipingo yambiri kuno imakonza phwando la ana madzulo omwewo m'holo ya tchalitchi, lotchedwa light party, ndipo masukulu ena amakhala ndi madisiko a ana. Mukasankha zimenezo, za moto, mtedza ndi kutsamwa zikhalebe m'maganizo mwanu, pakuti maswiti ndi zovala zimakhalako komweko.

Imbani 999 mwana akagundidwa ndi galimoto, akakomoka, akamavutika kupuma kapena akapsa kwambiri, ndipo wogundidwayo musamunyamule pokhapokha ngati pamene wagonapo pali ngozi ina. Pitani naye ku A&E ngati bala la moto ndi lalikulu kuposa chikhatho chake, lili kumaso, m'manja, kumapazi, polumikizana mafupa kapena kumaliseche, kapena likuoneka loyera kapena lothimbirira ngati chikopa chouma, ndipo kwa mwana wosakwana zaka 10 ngakhale bala looneka laling'ono ndi bwino kuti wachipatala alione. Chimodzimodzi ngati wameza batire kapena maginito, kapena ngati wadya switi n'kuyamba kuwodzera modabwitsa, kudzandira kapena kulankhula zosamveka, ndipo paketi yake mupite nayo. Madzi a m'timitengo tapulasitiki towala timene ana amanyamula akamugwera m'maso kapena m'kamwa, tsukani ndi madzi ambiri, ndipo ululu ukapitirira imbani 111, nambala yaulere ya NHS, bungwe la boma la zaumoyo, imene imayankha usana ndi usiku. Ngati Chingelezi chikukuvutani pofotokoza mwachangu, pemphani womasulira.